Mtimawo Unali wa Yani? Mbiri ya Kupereka Ziwalo ndi Chifukwa Chake Ambiri Sitiidziwa

Sabata ino tiyambe ndi funso la mbiri. Kodi ndani anayamba kuchotsa mtima wa munthu mmodzi ndi kuuika m'chifuwa cha munthu wina? Ena mwa inu amene munalimbikira sayansi ku sekondale muyankha mosachedwa kuti ndi Dokotala Christiaan Barnard wa ku South Africa, m'chaka cha 1967, ndipo mwakhoza. Tsono funso lachiwiri nali: mtimawo unali wa yani? Apa ndiye pamagwa chete. Dzina la dokotala linamveka dziko lonse lapansi, za wodwala amene analandira mtimawo zinkalembedwa m'nyuzipepala tsiku ndi tsiku, koma mwini mtima, mtsikana wa zaka 25 wotchedwa Denise Darvall, ndi ochepa amene amamukumbukira.

Anthu akamadandaula kuti nkhani yopereka ziwalo za thupi kwa odwala siidziwika pakati pathu, kawirikawiri amaloza chala umbuli ndi miyambo ya makolo. Ine ndikuona kuti yankho limenelo ndi laulesi, ndiponso limanyoza anthu amene ali ndi zifukwa zawo. Kuyambira pachiyambi, nkhaniyi yakhala ikukambidwa ngati nkhani ya madokotala ndi ya ochiritsidwa, pamene zokhudza wopereka zimene zinafika m'makutu a anthu wamba zinali za kulandidwa popanda kufunsidwa. Ndipo munthu safunsa zambiri za chinthu chimene amachiopa, amangochilambalala.

Chizolowezi choiwala woperekachi ndi chakale kuposa zipatala zathu. M'buku la mbiri za oyera mtima limene Jacobus de Voragine anasonkhanitsa m'zaka za m'ma 1200 muli nthano ya Cosmas ndi Damian, asing'anga awiri apachibale amene maina awo timawamva m'Pemphero loyamba la Ukaristia. Nthanoyo imati munthu wina wotumikira m'tchalitchi chawo ku Roma anali ndi mwendo wodyeka ndi chilonda, ndipo ali m'tulo oyera awiriwo anabwera, nadula mwendowo, naikapo wa munthu wa ku Ethiopia amene anali atangoikidwa kumene m'manda. Akatswiri ojambula zithunzi, kuphatikizapo Fra Angelico, anajambula chozizwitsachi kambirimbiri: oyera awiri ataweramira pabedi, wodwala woyera khungu atagona ndi mwendo umodzi wakuda. Mwini mwendo alibe dzina, ndipo palibe pamene pakunenedwa kuti abale ake anafunsidwa. Ndi nthano chabe, ndipo sindikuimba mlandu oyera athuwa, koma onani pamene maso a wofotokoza apenya.

Zenizeni zinayamba pa 23 Disembala 1954 ku Boston, m'dziko la America, pamene madokotala otsogozedwa ndi Dokotala Joseph Murray anachotsa impso imodzi mwa Ronald Herrick, mnyamata wa zaka 23 wathanzi lake, naiika mwa Richard, m'bale wake amene anabadwa naye mapasa. Zinatheka chifukwa awiriwa anali mapasa ofanana kotheratu. Thupi la munthu lili ndi chitetezo chimene chimalimbana ndi chilichonse chachilendo, kaya ndi kachilombo kaya ndi impso ya mnansi, koma thupi la Richard silinathe kusiyanitsa impso ya m'bale wakeyo ndi yake. Richard anakhalanso ndi moyo zaka 8, ndipo Murray analandira mphotho ya Nobel mu 1990.

Koma nkhani imene inagwedeza dziko ndi ya ku Cape Town. Masana a Loweruka, pa 2 Disembala 1967, Denise Darvall ndi mayi ake anagundidwa ndi galimoto akuwoloka msewu pochokera kogula keke. Mayiwo anafera pomwepo. Denise anafika naye ku chipatala cha Groote Schuur mutu utavulala kotero kuti madokotala anaona kuti panalibenso chiyembekezo. M'chipatala chomwecho munagona Louis Washkansky, mwini golosale wa zaka zopitirira 50, amene mtima wake unali utafooka moti ankangodikira tsiku. Madokotala anapita kwa Edward Darvall, bambo amene m'tsiku limodzi anali atataya mkazi ndipo tsopano ankataya mwana, namupempha mtima wa mwana wakeyo. Iye anavomera. Taimani kaye pamenepa, achinyamata anzanga. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe padziko lapansi amene ankayenda ndi mtima wa mnzake woti bamboyu amuone ngati chitsanzo, nthawi yoganizira inali yochepa, ndipo maliro anali kale m'nyumba mwake. Ngati usiku umenewo panali kulimba mtima, mbali yaikulu inali yake.

Opaleshoni inatha m'bandakucha wa pa 3 Disembala. Washkansky anatsitsimuka, analankhula, anadya, anajambulidwa akumwetulira. Patatha masiku 18 anamwalira ndi chibayo, chifukwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, amene anamupatsa kuti thupi lisakane mtima wachilendo, anamusiya wopanda chodzitetezera ku matenda. Koma Barnard anali atasanduka kale munthu wotchuka zedi. Nkhope yake inatuluka pachikuto cha magazini ya Time, anakacheza ndi Pulezidenti Lyndon Johnson wa America, ndipo mu Januwale 1968 analandiridwa ndi Papa Paul VI.

Kumbukirani kuti iyi inali South Africa ya ulamuliro wa tsankho. Akuluakulu a chipatalacho anali atagwirizana kuti mtima woyamba usachokere kwa munthu wakuda kapena mkaladi, poopa kuti maiko anena kuti azungu akuyesera mipeni yawo pa anthu oponderezedwa. Ndiye kuti mantha amene ife timanyozedwa nawo lero, madokotalawo anawadziwiratu ndipo anawaona kuti ndi omveka. Kusamala kumeneku sikunathe mwezi. Pa tsiku la Chaka Chatsopano cha 1968, Clive Haupt, mkaladi wa zaka 24 wogwira ntchito pa fakitale, amene anali atangokwatira kumene, anakomoka ali m'mphepete mwa nyanja chifukwa mtsempha wa magazi unaphulika muubongo. Mawa lake mtima wake unaikidwa mwa Philip Blaiberg, mzungu, dokotala wa mano. Mkazi wa Haupt ndi banja lake anavomera, ndipo Blaiberg anakhala ndi moyo miyezi 19, zimene zinatsimikizira dziko kuti opaleshoniyi ndi yotheka. Komatu malinga ndi malamulo a nthawi imeneyo, Haupt ali moyo sakanaloledwa kugona m'wodi imodzi ndi Blaiberg kapena kukhala naye pa benchi imodzi. Mtima wake wokha ndiwo unaloledwa kuwoloka malire. Munthu wakuda wowerenga nyuzipepala ku Soweto kapena m'komboni za migodi sanafunikire mphunzitsi kuti amumasulire tanthauzo lake. Zoona zake n'zakuti mphatso inayendanso mbali inayo, pakuti impso ya Denise Darvall inaikidwa mwa mnyamata wachikaladi wa zaka 10, koma mbali imeneyi siinamveke patali.

Pali munthu wakuda amene dzina lake limatchulidwa pa nkhaniyi, Hamilton Naki, amene anayamba ntchito yosamalira maluwa pa yunivesite ya Cape Town nadzakhala katswiri wochita opaleshoni pa nyama m'chipinda chofufuzira, naphunzitsa madokotala ambiri. Atamwalira mu 2005, nyuzipepala zina zikuluzikulu zinalemba kuti ndiye anachotsa mtima wa Denise, koma pambuyo pake zinabweza mawu chifukwa sizinali zoona. Luso lake linali lenileni ndipo ulemu unamuchedwera. Ndamutchula chabe kuti muone kuti ngakhale pamene anthu anafuna kukonza mbiri, anapita kukafunafuna ngwazi inanso yogwira mpeni.

Chaka cha 1968 chinali cha mpikisano. Maopaleshoni oika mtima pafupifupi 100 anachitika m'maiko osiyanasiyana, ena m'zipatala zimene zinalibe ukatswiri wokwanira, ndipo ambiri mwa odwalawo sanathe miyezi itatu. M'changu chimenecho munachitika zinthu zimene mabala ake sanapole. Mu Meyi 1968, ku Richmond m'chigawo cha Virginia ku America, Bruce Tucker, bambo wakuda wa zaka 54, anagwa navulala mutu. Pasanathe tsiku lathunthu chimufikitsireni kuchipatala, mtima wake unali utaikidwa mwa mzungu wina wamalonda. Palibe wachibale amene anavomereza, ngakhale kuti khadi la m'bale wake William, amene anali ndi malo okonzera nsapato m'tauni momwemo, linali m'thumba mwake. Banjalo linamva kuchokera kwa wokonza maliro kuti mtembo wafika wopanda mtima ndi impso. Linakasuma, koma mu 1972 khoti linaikira kumbuyo madokotala, ndipo yunivesite imene chipatalacho chili pansi pake inadzapepesa mu 2022, patatha zaka 54. Ku Japan, mu Ogasiti 1968, Dokotala Juro Wada wa ku Sapporo anaika mtima wa mnyamata amene anamira m'madzi mwa mnyamata wina. Wolandirayo atamwalira patatha masiku 83, kunabuka mafunso ngati woperekayo analidi atafa, ndipo Wada anadandauliridwa mlandu wakupha ngakhale sanazengedwe. Dziko lolemera ndi lophunzira ngati Japan silinachitenso opaleshoni yoika mtima mpaka 1999. Amene amati vuto ndi umbuli wa anthu akumudzi atiuze chimene chinachitika ku Japan.

Pansi pa milandu imeneyi panali funso lovutadi: kodi munthu amafa nthawi yanji? Makina othandiza kupuma, amene anafala m'zipatala kuyambira m'zaka za m'ma 1950, anabweretsa chinthu chimene makolo a mtundu uliwonse sanachionepo, munthu amene ubongo wake wonse wafa kotheratu koma chifuwa chikukwera ndi kutsika, mtima ukugunda, khungu likutentha. Mu Ogasiti 1968 komiti ya akatswiri pa yunivesite ya Harvard inalemba zizindikiro zodziwira imfa yotere, ndipo pang'onopang'ono maiko anazilandira m'malamulo awo. Kwa ife amene timadziwa kutsirizika ngati kuleka kupuma, thupi kuzizira, akuluakulu kutseka maso a womwalira, kenako amayi kuyamba kulira, chiphunzitsochi ndi cholemera kuchisenza. Munthu wogwira dzanja lofunda la mwana wake n'kuuzidwa kuti mwanayo wapita kale, ndipo ali pomwepo n'kupemphedwa impso, amafunika kukhulupirira dokotala kwambiri. Chikhulupiriro chimenecho ndicho chinawonongeka mu 1968.

Chodabwitsa n'chakuti chipambano chenicheni chinabwera mwakachetechete. Mankhwala otchedwa cyclosporine, ochokera ku nkhungu ya m'dothi, atayamba kugwiritsidwa ntchito ponseponse m'zaka za m'ma 1980, odwala anayamba kukhala ndi ziwalo zatsopano zaka zambiri. Koma pofika nthawi imeneyo atolankhani anali atapita kwina. Phokoso linamveka pamene odwala ankafa, ndipo pamene anayamba kuchira panalibenso wolengeza.

Tsono tibwerere kwathu, chifukwa zaka zomwezo zili ndi mbiri yake kuno, ndipo njira yochokera ku Cape Town kufika ku Blantyre inali yaifupi kuposa mmene tingaganizire. Mu 1967, chaka cha Barnard chomwecho, boma la Dr. Kamuzu Banda linakhazikitsa ubale waukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo mu 1968 dzikolo linapereka ngongole yoyambira kumanga likulu latsopano ku Lilongwe. Azigogo athu zikwizikwi anali m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Ndiyeno kuyambira mu Seputembala 1968 mpaka mu Malichi 1970, anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo m'madera ozungulira Blantyre, makamaka ku Chilobwe, ndipo mitembo ina inapezeka itadulidwadulidwa. Mphekesera imene inayenda m'mabasi ndi m'misika inali yoti boma likupopa magazi a anthu kuti likabwezere ngongole ku South Africa. Munthu mmodzi, Walla Laini Kawisa, anagwidwa mu 1970, anavomera milanduyo ndipo anaweruzidwa kuti aphedwe, koma ambiri sanakhulupirire kuti anali yekha. Palibe umboni uliwonse woti dontho limodzi la magazi linawoloka Limpopo. Komabe taganizirani munthu wa ku Ndirande amene m'miyezi yomweyo anamva pa wailesi kuti ku South Africa mtima wa mkaladi waikidwa mwa mzungu, namvanso kuti mnansi wake wapezeka ataphedwa, nadziwa kuti boma lake lili ndi ngongole kumeneko. Analumikiza molakwika, koma zimene ankalumikizazo sanazilote.

Onjezanipo ichi. Lamulo la South Africa la 1973 lokhudza matenda a m'migodi linkalamula kuti munthu amene anagwirapo ntchito mumgodi akamwalira, mtima ndi mapapo ake zichotsedwe ngati abale avomera, zitumizidwe ku Johannesburg kuti akazipime ngati fumbi la mgodi linamuwononga, cholinga chake banja lilandire chipukutamisozi. Cholingacho chinali chabwino. Koma nanga kwa banja la ku Dedza kapena ku Mzimba, limene mwana wake anaikidwa kutali ndipo kunyumba kunangofika sutikesi ndi bulangete, nkhani yotere ikanamveka bwanji?

Mantha amenewa sanayambire ku Chilobwe. M'zaka za m'ma 1930, kumpoto kwa dziko limene tsopano ndi Zambia, kunali mphekesera za banyama, anthu amene ankati amagwira anzawo n'kukawapopa magazi m'malo mwa azungu, ndipo pakati pa oganiziridwa panali ansembe athu a chipani cha White Fathers. Wolemba mbiri Luise White anafufuza nkhanizi m'buku lake la 2000, nasonyeza kuti zinkamera pamene anthu ankaona thukuta ndi matupi awo zikugwiritsidwa ntchito ndi alendo amphamvu amene sankafotokoza zochita zawo. Sanathere ku Chilobwe. Kumapeto kwa 2002 nkhani za anamapopa zinabuka m'maboma a kummwera, ndipo mu 2017 zinabukanso ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu okwiya, ndipo bungwe la United Nations linachotsa ogwira ntchito ake m'maboma ena kwa kanthawi. Kuyambira cha kumapeto kwa 2014 tinalowa m'nyengo yochititsa manyazi koposa, ya kupha abale athu achialubino ndi kufukula manda awo. Apa sipanali mphekesera, panali mitembo. Pa mlandu wa Macdonald Masambuka, mnyamata wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018, anthu amene khoti linawapeza olakwa mu 2022 anaphatikizapo wapolisi, wogwira ntchito yachipatala ndi wansembe wa Mpingo wathu. Sitingabise zimenezi. Amenewa ndiwo anthu atatu amene m'dziko lina lililonse banja lofedwa likanawadalira pofunsidwa za kupereka chiwalo. Ndipo ku Durban, pakati pa 2001 ndi 2003, maopaleshoni 109 oika impso zogulidwa anachitika pa chipatala cha St Augustine's, impso zochokera makamaka kwa amphawi a ku Brazil kupita kwa odwala olemera a ku Israel, ndipo kampani yoyendetsa chipatalacho inavomera mlandu mu 2010.

Zotsatira zake zikuoneka m'chinenero chathu chomwe. Mawu akuti "ziwalo za munthu" m'nyuzipepala zathu amayenda limodzi ndi mawu akuti "wanjatidwa", "wapezeka ndi" kapena "wafukula". Pamene Nyumba ya Malamulo inakambirana mozama za ziwalo mu 2016, inali kukhwimitsa zilango za opezeka nazo, ndipo inachita bwino. Koma tilibe ngakhale liwu limodzi lokhazikika lotchulira munthu amene wapereka impso kwa mlongo wake. Ndiyenera kunena mosapita m'mbali kuti zamalonda a mdimazi sizigwirizana ndi zachipatala. Mtima woti uikidwe mwa wodwala uyenera kuchotsedwa m'chipinda cha opaleshoni, kusungidwa mozizira, ndi kulumikizidwa pasanathe maola 4 mpaka 6, gulu la magazi litapimidwa ndi kugwirizana. Chiwalo chodulidwa kuthengo kapena chofukulidwa kumanda sichingachiritse munthu aliyense. Koma kuti munthu amve kusiyana kumeneku, pafunika wina amene amamukhulupirira amufotokozere.

Apa ndi pamene Mpingo ukulowa, pakuti nkhaniyi uli nayo mawu ake kuyambira kalekale. Bambo Carlo Gnocchi, wansembe wa ku Milan amene anapereka moyo wake kulera ana olumazidwa ndi mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ali pafupi kumwalira ndi khansa mu Febuluwale 1956 anapempha kuti timakungu toonekera ta kutsogolo kwa maso ake tikaikidwe mwa ana osaona. Dziko la Italy linalibe lamulo lololeza zimenezi, koma dokotala anachita, ndipo mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi anayambanso kuona. Dziko lonse linakamba za wansembeyu, ndipo chaka chotsatira lamulo linakhazikitsidwa. Mu Meyi 1956 Papa Pius XII, polankhula kwa madokotala a maso, anaphunzitsa kuti mphatso yotere ndi yololedwa ndiponso yotamandika. Anaonjezera zinthu zitatu zimene, zikanamveredwa, mbiri imene tafotokozayi ikanakhala ina: kuti mtembo wa munthu suyenera kuonedwa ngati wa nyama kapena katundu, kuti chilolezo cha abale chisanyozedwe, ndiponso kuti si chilungamo kuti matupi a amphawi a m'zipatala za boma ndiwo azigwiritsidwa ntchito pamene a olemera sakhudzidwa. Ananenanso kuti anthu ayenera kuphunzitsidwa. Izi zinanenedwa zaka 12 Bruce Tucker asanagwe. Papa John Paul II anabwereza chiphunzitsochi m'kalata yake ya Evangelium Vitae mu 1995, ndipo mu Ogasiti 2000, polankhula kwa akatswiri a maopaleshoniwa ku Roma, anadzudzula malonda a ziwalo navomereza kuti imfa ya ubongo wonse, ikapimidwa mosamalitsa, ingakhale maziko okwanira odziwira kuti munthu wafa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika akufotokoza zimenezi pa nambala 2296. Bambo Gnocchi analengezedwa kukhala Wodala mu 2009.

Komabe ndi angati mwa ife amene anamvapo zimenezi pa ulaliki, pa phunziro la Ulimbitso kapena ku mphakati? Akhristu ambiri abwino amaganiza kuti munthu woikidwa wopanda impso adzauka wopanda impso. Funso limeneli Augustine Woyera analiyankha kale m'zaka za m'ma 400, pamene anthu ankafunsa za matupi odyedwa ndi zilombo kapena opserera ndi moto. Ife a ku Africa tili ndi yankho lapafupi: Charles Lwanga ndi anzake anatenthedwa ku Namugongo mu 1886 mpaka kusanduka phulusa, ndipo palibe Mkatolika amene amakayika za kuuka kwawo.

Miyambo nayo ili ndi gawo lake, koma osati mmene onyoza amaganizira. Ku Ulaya ndi ku America anamanga dongosolo lawo pa kakhadi kamene munthu amasaina yekha n'kuika m'chikwama. Kwathu kuno mtembo si wa mwini wake yekha. Pali mwini mbumba, pali akuchimuna ndi akuchikazi, pali nyakwawa imene popanda mawu ake adzukulu sakumba manda. Komanso kukamba za imfa yako uli bwinobwino timakuona ngati kudziitanira tsoka. Uthenga wolembedwera munthu mmodzi payekha sungafike patali pakati pa anthu amene nkhani za maliro amaziweruza pabwalo.

Maiko amene anthu ake anafika poidziwa nkhaniyi sanafikepo ndi zikwangwani zokha. Ku Italy, mu 1994, achifwamba anaombera galimoto ya banja la alendo a ku America m'chigawo cha Calabria napha mwana wa zaka 7, Nicholas Green. Makolo ake anapereka ziwalo zake kwa anthu 7 a m'dziko lomwe linawaphera mwanalo, ndipo m'zaka khumi zotsatira chiwerengero cha opereka ku Italy chinakwera katatu. Kwa nthawi imeneyo nkhope imene inali pachikuto inali ya wopereka. Ku Spain lamulo lolola kutenga ziwalo za womwalira amene sanakane linalipo kuyambira 1979, koma kwa zaka khumi silinasinthe zambiri. Kusintha kunadza mu 1989, pamene Dokotala Rafael Matesanz anakhazikitsa bungwe la dziko lonse ndi kuika m'chipatala chilichonse chachikulu dokotala kapena namwino wophunzitsidwa kukhala pansi ndi banja lofedwa, kulifotokozera, ndi kulipempha mwaulemu. Opereka anachoka pa 14 mwa anthu miliyoni imodzi iliyonse mu 1989 kufika popitirira 50 mu 2024, ndipo mabanja amafunsidwabe ngakhale lamulo silikakamiza kutero.

Chifukwa chotsiriza ndi chosavuta kuchimva ngakhale chili chowawa. Munthu sangadziwe khomo limene kulibe. Womwalira amene ziwalo zake zingathandize ena kawirikawiri ndi amene watsirizikira pa makina opumira m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo mabedi otere m'Malawi muno ndi owerengeka. Ambiri a ife timatsirizikira kunyumba, pa msewu kapena m'wodi wamba. Mphatso ya thupi imene Mmalawi amaidziwa ndi magazi, amene bungwe la Malawi Blood Transfusion Service lakhala likutolera kuyambira pamene linakhazikitsidwa mu 2003, makamaka kwa achinyamata ngati inu m'sukulu ndi m'mipingo, ndipo n'chifukwa chake magazi amasowa kwambiri sukulu zikatsekera.

Komabe funso la chiwalo limafika m'mabanja athu, kungoti limafika mwadzidzidzi. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akuwononga impso za anthu ambiri. Wodwala amayamba kupita pa makina osefa magazi ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth kawiri kapena katatu pa sabata, maola angapo ulendo uliwonse. Kenako dokotala amanena kuti njira yokhalitsa ndi impso ina, kuti opaleshoniyo kwa zaka zambiri yakhala ikuchitikira kunja, makamaka ku India, ndiponso kuti impsoyo iyenera kuchokera kwa wachibale wamoyo. Banja limakhala pansi litamva nkhaniyi koyamba m'moyo wake, ndipo mafunso amene amafunsidwa si a zaumulungu ayi. Kodi wopereka adzathanso kugwira khasu? Kodi mtsikana wa impso imodzi adzabereka? Kodi sadzafa msanga? Madokotala amayankha kuti wopereka amayamba wapimidwa mokwanira, kuti amene thanzi lake lili lokayikitsa saloledwa, kuti opaleshoni iliyonse ili ndi chiopsezo chake ngakhale chili chochepa, ndiponso kuti amayi ambiri opereka impso abereka bwinobwino pansi pa chisamaliro cha chipatala. Ronald Herrick uja wa ku Boston, woyamba mwa onse, anakwatira, anaphunzitsa masamu kwa zaka zambiri, analima munda wake m'chigawo cha Maine, ndipo anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 79, atakhala ndi impso imodzi kwa zaka 56.